Ndiwo za Kale

Alamu anga a Goliati ndi munthu wamfupi. Ndiyambe ndi zimenezi chifukwa aliyense wowaona koyamba amasuzumira kumbuyo kwawo, kufunafuna mwini dzina. Makolo awo anawatcha dzinalo ali ndi chiyembekezo, koma thupi silinagwirizane nazo. Akakwera njinga amapalasa ndi nsonga za zala. Anabwera kwathu ku Chiringa kudzakwatira achemwali anga a Enelesi ine ndili kamnyamata, ndipo mpaka lero, imvi zili mbuu, ndimawakumbutsabe kuti iwo ndi mkamwini, munda amalimamo nandolowo ndi wathu.

Kulima amalima, pamenepo sindingawanamizire. Nandolo wawo mavenda amachita kulimbirana. Koma za kukhitchini, a Goliati ankangodziwa pamene pali khomo. Madzi osamba ankawapeza ali kubafa, chakudya ankachipeza chili pamphasa, ndipo sindikhulupirira kuti anadzifunsapo kuti zinthuzi zimayenda bwanji kuti zifike pamenepo. Tsiku lina achemwali atapita kumaliro ku Kaduya, iwo anafuna tiyi. Anathira masamba m'madzi ozizira n'kukhala pansi kudikira kuti afiire.

Ndiye chaka chatha achemwali anadwala. Anagonekedwa kuchipatala ku Boma, anatuluka, koma chilakolako cha chakudya chinatsala komweko. Adokotala ananenetsa kuti mankhwala amene anawapatsawo amafuna munthu wakudya, apo ayi thupi lingopitirira kufooka. Achemwali ankangolawa phala kunsonga kwa supuni n'kutembenukira kukhoma. Chitenje chimene chinkawakwana bwinobwino chinayamba kuwazungulira kawiri. Tonse tinachita mantha, koma a Goliati mantha awo anathawira m'miyendo. Ankangozungulira nyumba ngati nkhuku yosowa poikira.

M'mawa wina achemwali anawaitana ndi mawu apansipansi, powatchula ndi dzina la mwana wawo woyamba monga amachitira nthawi zonse.

“Abambo a Loyce, ndikulakalaka ndiwo za kale.”

A Goliati anadzambatuka. Wodwala wapempha chakudya! Tsiku lomwelo anapeza kalongonda, nyemba zathu zija zofuna kuwiritsa tsiku lonse uku ukutaya madzi, napempha amayi oyandikana nawo kuti aphike. Achemwali anangoyang'ana m'mbalemo.

“Si zimenezi. Ndati za kale.”

Alamu anaganiza kuti sanabwerere m'mbuyo mokwanira. Anabweretsa chigwada chotendera. Ayi. Bowa wouma, ayi. Makaka, mbewa zowamba, nkhungudzu, zonse zinabwerera kukhitchini momwe zinapitira, ndipo amene tinanenepa ndife owazonda. Alamu anayamba kuyendera nkhalamba za m'mudzi kufunsa zimene makolo ankadya asanawoloke kuchokera ku Mozambiki. Ine ndinawachenjeza kuti akapitiriza kubwerera m'mbuyo chotere, posachedwa afika pachipatso chimene anadya Adamu. Sanaseke.

Chimene chinawapulumutsa ndi pakamwa pawo, chifukwa a Goliati vuto lawo amauza aliyense, ngakhale wokhala naye mpando umodzi m'minibasi. Tsiku lina mumsika wa pa Boma ankadandaulira mayi wogulitsa anyezi. Pambali pawo panali bambo wina wamtali, wovala malaya oyera, akusankha anyezi mmodzimmodzi ngati akusankhira mwana wake mkazi. Awa anali a Fletcher Sitima. Anaphika zaka zambirimbiri mulesitilanti ya Amwenye ku Limbe mpaka kukhala mkulu wa ophika onse, ndipo atapuma anabwerera kwawo n'kutsegula kamalo kodyera kuseri kwa msika.

“Pepani bambo, ndalowerera nkhani ya eni,” anatero a Fletcher. “Akazi anuwo anagwirako ntchito kwa Amwenye?”

“Eya, ali mtsikana. Ankalera mwana ku Limbe ndisanawakwatire.”

A Fletcher anaseka mpaka kukhala pathumba la anyezi.

“Bambo inu, mwavutitsa nkhalamba pachabe. Mayiwo sakufuna zakudya za makolo. Akufuna kale, ndiwo zachimwenye zija za chikasu ndi masala!”

Ndiwaikire kumbuyo pang'ono alamu angawa. Mawu awiriwa amasiyana potchula, koma ife Alhomwe Chichewa timachiimba mwathumwathu, ndiye chikatuluka pakamwa pa munthu wodwala, kale wa m'mbale ndi kale la makolo zimamveka chimodzimodzi. Komanso ine amene ndikuseka pano, kalongonda uja ndinadya nawo osatulukira kanthu.

A Goliati anati basi nkhani yatha, akagula kapaketi ka ufa wachikasu kaja paokala n'kuwaza m'ndiwo. Nkhope ya a Fletcher inasintha ngati awatukwanira mayi awo.

“Kapaketi kaja ndi utoto. Munthu amene analawa kale weniweni simungamunamize nako. Ndikanakugulitsani mbale, koma wodwala sadya tsiku limodzi, ndipo ku Chiringa si pakhomo. Bwerani mudzaphunzire.”

“Nditumize mzimayi wake uti? Mwana wathu ali kubanja ku Zomba.”

“Ine mukundiona ngati mzimayi?”

Umu ndi momwe a Goliati, munthu wa zidzukulu, anayambira sukulu. Ankapalasa njinga kupita pa Boma m'mamawa, ndipo ulendo wina ndinawaperekeza, osati kukathandiza koma kukaona ndi maso anga. Sindinapite pachabe. Epuloni ya a Fletcher inkawafika m'mapazi, ndipo kuti aone m'poto anawaikira kreti ya mabotolo kuti aimepo. Anawapatsa mpeni ndi mulu wa anyezi. Posakhalitsa misozi inali chuchuchu.

“Sindikulira ayi, alamu, ndi anyeziyu,” anandiuza ndisanawafunse n'komwe.

A Fletcher pophunzitsa sanyengerera. Anati zonse zimayambira pa anyezi, ndipo anyezi sathamangitsidwa. Amafuna moto wofatsa, kumutakasa pang'onopang'ono mpaka afiire mofanana. Alamu anga, pozolowera kutentha mapesi kumunda, ankakhulupirira kuti moto ukachuluka ntchito imachepa. Anapsereza poto woyamba, anapsereza wachiwiri.

“Bambo Goliati, tikuphika, sitikuotcha njerwa!”

Anyezi akafiira pamabwera adyo ndi jinja zosinjira pamodzi, kenako chikasu, tsabola ndi masala, kenako tomato. Ukatero umadikira, osathira madzi, mpaka mafuta apatuke n'kuyamba kunyezimira m'mbali mwa poto. A Fletcher anati chinsinsi cha m'malesitilanti n'chimenecho. Amaphika msuzi umodzi wambiri m'mawa, ndipo wofuna nkhuku, wofuna nsomba, wofuna masamba, onse amawatungira momwemo n'kumalizitsa aliyense payekha. A Goliati anagwedeza mutu n'kunena kuti ndiye kuti anthu a m'tauni amapusitsidwa, amadya ndiwo imodzi ya maina ambiri.

Popeza wodwala sangayambire nyama, a Fletcher anasankha chofewa. Anatulutsa nandolo wouma wochotsa makoko, wogawika pakati, namuwiritsa mpaka kuphwanyika, n'kumusakaniza ndi msuzi uja. Anati Amwenye amachitcha dalo ndipo amadya pafupifupi tsiku lililonse. A Goliati anasuzumira m'potomo ali pakreti pawo.

“Aphunzitsi, ichi si chipere ichi? Nandolo yense timakweza m'malole uja, amawoloka nyanja kukaphikidwa chipere?”

“Ndi chipere mpaka pano. Penyani tsopano.”

Anatenthetsa mafuta pang'ono m'kachiwaya, naponyamo adyo ndi tinjere tina tonunkhira totchedwa jira. Tinjereto titayamba kuthetheka anakhuthulira zonse pamwamba pa nandolo uja. Tchwee! Fungo linadzaza khitchini yonse, mpaka anyamata a kabaza panja anasiya kukangana.

“Ichi ndiye chomalizira,” anatero a Fletcher. “Mukasiya ichi, kale wanu ndi wosatha.” Anakulunga jira wina m'kapepala n'kuwapatsa.

Tsiku loyamba kuphika kunyumba, amayi a m'mudzi anapeza zifukwa zodutsira pakhomopo. Wina anabwera kudzapala moto, wina kudzafunsa nkhuku yosowa, onse n'kuima osachoka. Mkamwini wagwada pamafuwa, akutakasa anyezi mwaulemu ngati akupereka moni kwa apongozi. Tili mkati moseka, mawu anamveka kuchokera m'nyumba.

“Ndani akukazinga anyezi mofatsa chonchi?”

Alamu anawapititsira dalo uja ndi mpunga. Achemwali ananunkhiza, analawa, analawanso. Anadya mpaka theka la mbale, ife tikuwerenga supuni ndi maso. Kenako anapukuta pakamwa.

“Zayandikira. Koma si zenizeni.”

“Mawa ndiyesanso,” anatero a Goliati.

Mawa lake achemwali anamaliza mbale yonse, koma chiweruzo chinali chomwecho. Pali chimene chikusowa. Alamu anapitiriza sukulu yawo, anaphunzira kale wa nkhuku, wa matemba, wa mabilinganya, ndipo chilichonse achemwali ankadya n'kunena kuti chayandikira. Masabata anadutsa. Achemwali anayamba kutuluka kukaothera dzuwa pakhonde. Kenako anasuntha mpando kufika pakhomo la khitchini kuti azilamulira bwino, poti mwamuna wophika yekha popanda womuyang'anira angawononge mafuta a mwezi wonse.

Ine ndinali ndi nkhani yanga yoti ndiwasekere. Ndinaona a Fletcher akuphunzitsa, ndipo ndinaona alamu akuphika kangapo, koma tchwee uja sindinamumvepo pakhomo pano. Tsiku lina masana ndinawapeza akupakula, achemwali ali kubafa.

“Alamu, sukulu yonse ija munalephera mayeso omaliza? Jira uja munamudzala kumunda?”

Anayang'ana kubafa, kenako anagwira thumba la jekete lawo. Kapepala kaja kanali momwemo.

“Sindinaiwale, alamu,” anatero motsitsa mawu. “Mayi anga atadwala anapempha mlamba wa ku Chilwa. Tinayenda mpaka tinaupeza. Anadya bwinobwino, anati ndakhuta ana anga, zikomo. M'mawa mwake anatisiya. Inu mukudziwa zimene amanena, kuti wodwala akapempha chakudya n'kulandira chenicheni chimene amalakalaka, amakhala akutsanzika. Ndiye ine ndimawapatsa chotsala pang'ono. Azidya, koma azidikira za mawa.”

Ndakhala ndikuwaseka alamu angawa kuyambira ndili mwana, koma tsiku limenelo sindinawaseke. Chisoni chinandigwira, ndipo anyezi woti ndimunamizire panalibe. Ndinangonyamula mbale ija n'kukawaikira achemwali pakhonde.

Anadya mwachifatse, thukuta la tsabola lili pamphuno. A Goliati anaima chapatali, manja kumbuyo, kudikira chiweruzo.

“Zayandikira, abambo a Loyce. Koma si zenizeni.”

“Mawa ndiyesanso,” anayankha, natenga mapoto kupita nawo kukatsuka kuseri.

Nditatsala nawo awiri, ndinafuna kuwayesa.

“Achemwali, chimene chimasowacho n'chiyani kodi? Munthuyu wavutika.”

Ananyambita supuni, anayang'ana kumene amuna awo analowera, n'kundikodola kuti ndiyandikire.

“Iwe, ndinakhala m'nyumba ya Amwenye, ungandiuze za jira ine? Ali m'thumba la jekete. Ndimamumva fungo tsiku lililonse akakhala pafupi nane.” Anandibwezera mbale ili mbee. “Usawauze. Asiye, mawa aphikenso.”