Mabatani asanu ndi limodzi

Ntchito yanga yoyamba inali ku kabungwe kena kothandiza alimi a mpunga pa boma pa Nkhotakota. Ananditenga mondiyesa kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo anati akakhutira nane adzandilemba. Ndinkagona kwa achibale, Loweruka n'kumakwera minibasi kupita ku Liwaladzi kwa agogo anga, amene anandilera makolo anga atamwalira. Agogo sankadziwa kuti kompyuta imachita chiyani. Chomwe ankadziwa n'chakuti mwana wamasiye sayankhula pakati pa eni ake, ndipo anandikhomerera zimenezi kuyambira ndili ndi zaka zinayi. Ndinakula wamaso, wopanda pakamwa.

Mwezi wanga wachisanu pantchitopo tinamva kuti kukubwera alendo ochokera ku likulu la bungwe ku Lilongwe. Abwana athu, bambo wamkulu wokonda masuti ngakhale kutenthe chotani, anandiitana.

"Iwe mwana, paja umati unaphunzira zamakompyuta ku Dwangwa? Undikonzere masilaidi oti tikaonetse alendowo pakhoma. Asakhale ogonetsa tulo ngati a chaka chatha."

Ndinakonza tsamba limodzi lokhala ndi mabatani asanu ndi limodzi, batani lililonse kuimira kalabu ya alimi. Ndinkafuna kuti kamuvi ka mausi kakangofika pabatani, osadina n'komwe, batanilo lisanduke lobiriwira ndipo pambali patuluke chithunzi cha kalabuyo ndi mbiri yake. Pulogalamu yathu inalibe njira yachidule yochitira zimenezi. Ndinachita kukopera tsambalo kasanu ndi kamodzi, pa kope lililonse n'kusintha mtundu wa batani limodzi, kenaka n'kuuza batani lililonse kuti kamuvi kakaligunda lilumphire ku kope lake. Kuseri kwa mabataniwo ndinayala chibokosi chosaoneka chobwezera munthu ku tsamba loyamba kamuvi kakachoka. Woonera amangoona ngati batani layaka, osadziwa kuti tsamba lasintha. Zinanditengera masiku anayi, chifukwa batani likasuntha pang'ono pokha pa kope limodzi, chinyengo chonse chimaonekera.

Nditawaonetsa, abwana anayendetsa mausi uku ndi uku, akuseka ngati mwana. Sanafunse mmene zimayendera. Nanenso sindinafotokoze, poti sanafunse.

M'mawa wa tsiku la alendo anatsegula okha masilaidiwo pa laputopu yawo. M'mbali anaona timasamba tisanu ndi tiwiri tofanana, n'kuganiza kuti ndinabwereza mosasamala. Anafufuta tisanu ndi kamodzi. Ine nthawiyo ndinali kumsika kukagula zakumwa.

Msonkhano utayamba ndinaima pakhomo ndi thireyi ya zakumwa. Abwana anayamba bwino, nati, "Tsopano muone kanthu kena kamene ndakukonzerani." Anayendetsa kamuvi pabatani la kalabu ya ku Benga. Palibe chinachitika. Anayesa lachiwiri. Anagwedeza mausi, kuigogoda patebulo, kuitembenuza n'kuiuzira mpweya kunsi. Zithunzi zonse ndi mbiri zonse zinali pa masamba ofufutidwa aja, choncho panalibenso choti aonetse. Thukuta linatsikira mu kolala.

"Kapena ndi netiweki," anatero mnzathu wa zachuma.

"Netiweki ikukhudzana bwanji, achimwene?" anafunsa mayi wina mwa alendowo, akuyang'ana wotchi.

Abwana anakweza maso n'kundipeza. "Ndi ana a masiku anowa. Ukawapatsa ntchito amangoipanga mwachidule."

M'thumba la siketi yanga munali fulashi yokhala ndi kope lathunthu. Ndinaima pamenepo ndikuigwiragwira. Ndinkadziwa kuti mwana sawongola wamkulu pamaso pa alendo. Ndinkadziwanso kuti alendowo akachoka ndi mawu akuti ndine wosasamala, kalata ya ntchito sindidzaiona. Ndinatula thireyi, ndinapita kutsogolo, ndinagwada pambali pa mpando wa abwana n'kunena motsitsa, "Bwana, ndili ndi kope lina pano." Ndinalowetsa fulashi. Batani la Benga linayaka, alimi anatulukira pakhoma ali m'madzi mpaka m'mawondo.

Alendo anaomba m'manja. Mayi uja anafunsa kuti zimatheka bwanji, ndipo ine, wosazolowera kufunsidwa, ndinafotokoza zonse, mpaka za masamba obwerezawo, kuti akachotsedwa mabatani amafa. Sindinatchule munthu. Sikunali kofunika. M'chipindamo aliyense anayang'ana patebulo.

Galimoto ya alendo itatuluka pageti, abwana anatseka chitseko cha ofesi.

"Wandivula pagulu."

"Pepani bwana, ndimafuna kuthandiza."

"Ukanadikira tiyi, n'kundinong'oneza panja. Kwanu sanakuphunzitse?"

Kwathu anandiphunzitsa zomwezo basi, ndipo ndinazisunga zaka makumi awiri kupatula mphindi zisanu zokha. Mwina akanandiyang'ana ndi maso ena pomwe ankanena za ana a masiku ano, ndikanadikira tiyi.

Mwezi wotsatira anandiuza kuti likulu silinavomereze malo atsopano. Sabata yanga yomaliza kunabwera mtsikana wina, mwana wa mlamu wawo, ndipo anandiuza kuti ndimuphunzitse zamabatani ndisanachoke. Ndinamuphunzitsa zonse, ngakhale chibokosi chosaoneka chija. Anali mwana wabwino, wosachedwa kugwira zinthu, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akanakhala wopusa.

Ndinafika ku Liwaladzi Lachisanu masana ndi chikwama changa chonse. Agogo ndinawapeza akuyanika chinangwa chonyika pathandala. Ndinawafotokozera kuyambira pachiyambi, iwo akutembenuza makaka osandiyang'ana. Za masilaidi sanamvepo kanthu. Anafunsa funso limodzi.

"Unawapatsa kanthuko anthu akuona?"

"Eya, agogo."

"Ndiye umati akulembe?"

Anandisuntha ndi chigongono kuti ndisatchinge dzuwa, n'kundiuza kuti ndikavule nsapato zakuofesi, kudambo kudakali chinangwa china choti tikavuule.