Munda umene sunali pa mapu

A Yoramu Nzunga anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni mu 1987 ndi zinthu zitatu: sutikesi yachitsulo, chifuwa chosatha, ndi lamulo limodzi. Lamulolo linkati chilichonse chimene waonetsa munthu wogwira cholembera, wachitsanzika. Analiphunzira pa chipata china cha m'malire, pamene anatsegula sutikesi mwaulemu wonse, wailesi yawo n'kukondedwa ndi bwana amene ankaiyendera.

Kwawo, kuchigwa cha kumunsi kwa Ntcheu, anakhazikika pa munda wa mpunga umene akazi awo, a Nangozo, anasiyiridwa ndi amayi awo, pamene mtsinje umakhota. Mundawo unalera ana asanu ndi awiri. Kalembera akabwera, a Yoramu ankati alibe nkhuku, nkhukuzo zikumvetsera pansi pa nkhokwe.

Ndiye chaka china kunabwera galimoto zoyera za bungwe lina la ku Lilongwe, ndi katswiri wa mapulani a mizinda, a Cedric, mnyamata waulemu wa nsapato zosadziwa matope. M'tchalitchi anafotokoza kuti kamsika kathu kasanduka tauni yoyang'ana kumtsinje: masitolo pansi, nyumba zogona pamwamba, njira ya njinga, mitengo, ndi mabenchi oti anthu azikhalapo n'kumayang'ana madzi. Anthu anaomba m'manja. Madziwo ankawayang'ana kale chaka chilichonse mu Febuluwale, koma choimirira, katundu ali pamutu.

A Cedric anati masiku ano pulani siichokeranso kumwamba. Eni mudzi ajambule okha mapu a dera lawo pa bwalo: phulusa likhale mtsinje, miyala nyumba, zitsononkho minda. Ndodo yolozera inapatsidwa kwa a Yoramu, monga mkulu wa mpingo komanso munthu woyenda.

Anagwira ntchitoyo mosamala. Anaika tchalitchi, manda ndi mjigo, poti izo palibe angazinyamule. Minda ya anzawo anaiika yonse, ndipo ya amene anakanganapo nawo za madzi anaisankhira zitsononkho zikuluzikulu. Atafika pokhota phulusa, chitsononkho chawo anachilowetsa m'thumba la jekete, n'kusalaza dothi ndi phazi.

"Nanga apa pali chiyani, bambo?" anafunsa a Cedric.

"Palibe, bwana. Ndi tchire basi, ndi udzudzu."

Anzawo anayang'ana pansi, pakuti mkulu wa mpingo satsutsidwa pamaso pa alendo. Mapu anajambulidwa chithunzi, a Yoramu n'kusayina m'munsi m'malo mwa mudzi wonse. Kunyumba anaonetsa akazi awo chitsononkho chija monyadira. A Nangozo anachiyang'ana n'kufunsa ngati ngala za mpunga nazonso zilowe m'thumba momwemo.

Patatha miyezi inayi, pamsika panaimikidwa chikwangwani cha pulani. Paliponse pamene panali chitsononkho panapakidwa zobiriwira, ndi mawu akuti minda ya anthu isakhudzidwe. Pokhota mtsinje, malo okhawo opanda mwini, panali masitolo, mabenchi, ndi chithunzi cha mayi wina akuyenda ndi galu womangidwa chingwe ngati mbuzi. Sabata yomweyo zikhomo zofiira zinamera pakati pa nazale ya a Yoramu.

Anavala jekete ya ku Joni n'kukwera minibasi kupita ku ofesi ya bungwelo ku boma. A Cedric anawalandira bwino, anawapatsa mpando, n'kumvetsera mwachisoni. Kenako anatulutsa chithunzi chija ndi sayini yake. Anafotokoza kuti mapuwa anali atatamandidwa kale ku misonkhano itatu ngati chitsanzo cha kumvera anthu. Kuwasintha kukanatanthauza kuti anthu a kumudzi ananama, pamene malipoti onse amagwirizana kuti anthu a kumudzi sanama. A Yoramu anapempha kuti angopita akaone ndi maso. A Cedric anati akanakonda kutero, koma ofesi singatulutse galimoto kukaona munda umene kulibe.

A Yoramu anabwerera kunyumba akutsokomola njira yonse. A Nangozo atamva zonse anati ulendo wotsatira apita nawo, ndipo anawapempha chinthu chimodzi: "A Nzunga, mukakafika kumeneko pakamwa panu mukapaikenso m'thumba."

Mu ofesimo a Nangozo anakana mpando, anakhala pansi atatambasula miyendo. Anathokoza chifukwa cha tauni. Anavomereza kuti pokhota paja ndi tchire lokhalokha, ndipo madzi amadzaza mpaka m'chiuno. Kenako anafunsa modzichepetsa: poti iwo ndi anthu osaphunzira, kodi bungwe silingawaphunzitse kulima mpunga pamalo ongokhala amenewo?

A Cedric anaimirira. Kwa miyezi iwiri opereka thandizo anali akudandaula kuti pulaniyo ilibe ulimi wa m'tauni, ndiponso ilibe poti madzi osefukira azipumira. Tsopano ganizo linali labwera lokha, lochokera kwa anthu, komanso kwa mayi. Analilemba asanakhalenso pansi. Masitolo anasunthidwira kumtunda, pa pepala pomwe ankakhala.

Maphunziro anatenga masiku atatu. Mlangizi, amene anabadwa a Yoramu atakolola kale kakhumi, anawaonetsa mmene mbande imagwiridwira, n'kuyamikira kuti achikulirewa amagwira zinthu msanga. Anawapatsa satifiketi. M'mbali mwa munda munaimikidwa chikwangwani chakuti uwu ndi munda wachitsanzo, woyamba wa mtundu wake m'derali.

Tauni ija mpaka pano yafika pa benchi imodzi ya simenti. Imayang'anadi kumtsinje, ndipo a Yoramu amakhalapo akamaingitsa mbalame. Alendo a mabungwe amabwera kawirikawiri kudzaona zimene anthu angachite akaphunzitsidwa. Wina akatulutsa cholembera n'kufunsa kuti chaka chino akolola matumba angati, a Yoramu amayang'ana kaye akazi awo, amatsokomola, n'kuyankha:

"Ochepa, bwana. Tikuphunzira kumene."