Chaka Chimene Tinaphunzira Kutentha Tchire

Bambo anga atapuma ntchito ya njanji, tinachoka m'nyumba ya ku Raylton n'kukakhala pa kamunda kamene anapeza kunja kwa Bulawayo, kumene kombi imakutsitsa pa mphambano, kwatsalako n'kuyenda pansi. Iwo anabwera kuno ali mnyamata kuchokera ku Nyasalande. Ine ndinabadwira kuno, ndipo Chichewa changa chinali cha m'makutu: ndinkamva zonse, koma poyankha chimatuluka Chindebele. Amayi anali atamwalira kale, mwamuna wanga tinali titasiyana, choncho pamundapo tinkakhala awiri.

Chaka choyamba moto unatilandira. Unabwera mu Okutobala ndi mphepo yotentha, unadya udzu wofolera umene ndinamweta, khola la mbuzi ndi mitengo ya malalanje imene bambo anali atangobzala. Patapita masiku ndinamva kuchigayo kuti anthu akuti moto unayamba ndi ife. Ankati Amanyasa amatentha tchire kuti agwire mbewa. Nditawauza bambo, anangoseka pang'ono.

"Mbewa ndinadya komaliza ndisanakwatire amako," anatero. "Asiye alankhule."

Koma kuyambira pamenepo anasiya kupita kokamwetsa ng'ombe limodzi ndi amuna anzawo.

Dzinja litatha, kunabwera uthenga woti eni minda onse azikumana Loweruka pa dibi, posambitsira ng'ombe, kuti aphunzire za moto. Bambo anakana. Ndinawakokera ndine, ndinati sindingakhale ndekha pakati pa amuna.

Wophunzitsa anali mayi wamng'ono, mlangizi wa zachilengedwe, wovala chipewa chachikulu. Ankalankhula Chindebele chosakaniza ndi Chingerezi monga timachitira tonse. Tinakhala pa miyala ndi pa zidebe. Iye anayamba n'kutifunsa kumene moto unadzera chaka chathachi, ndipo aliyense ankajambula pansi ndi kamtengo malire a munda wake. Posakhalitsa dera lonse linali pa dothi, mtsinje, phiri, misewu ya ngolo. Kenako anatifotokozera za fayagadi, mzere waukulu wolambulidwa bwino wozungulira munda, woti moto ukafika usowe chodya. Chimene chinatidabwitsa n'chakuti anati moto si mdani nthawi zonse. Wa mu Juni, udzu usanaumitsitse, umayenda pang'onopang'ono, susakaza mitengo, ndipo tizilombo timathawa. Wa mu Okutobala ndiwo umapha mpaka nthaka.

Mnansi wathu wa kumadzulo, mwini ng'ombe zambiri, anaimirira n'kunena kuti zonsezo n'zabwino, koma pali anthu ena obwera amene amayatsa dala. Sanatchule munthu. Maso onse anagwera pa bambo.

Amene analankhula ndi nkhalamba ina ya kachipewa koyera ka Chisilamu, imene inagwira ntchito pa famu ya m'deralo moyo wake wonse. Sinayankhe mnansiyo. Inatembenukira kwa bambo n'kufunsa m'Chichewa chenicheni:

"Achimwene, kwanu n'kuti?"

Bambo anadzutsa mutu. "Ku Ntcheu," anatero.

"Ine ku Mangochi. Ndiye obwerafe tilipo awiri. Fayagadi yoyamba tikalambule kwa bambo a ng'ombewa, kuti aone mmene timayatsira."

Mlangizi anapempha kuti ndimasulire. Ndinamasulira. Anthu anaseka, ndipo mwini ng'ombe anasekanso, ngakhale mochedwa.

Loweruka lotsatira tinapitadi kwa iye ndi zikwanje ndi makasu. Mchimwene wanga amene ankagwira ntchito ku fakitale ya ku Donnington anatibweretsera malamba akale a makina. Tinawadula n'kuwakhomera ku mitengo, kukhala zomenyera moto. Masabata onse a chisanu tinkayenda munda ndi munda. Akazi tinkamweta kaye udzu wofolera, amuna akulambula. Mlangizi ankatiyendetsa tchire lisanayatsidwe. Ankatisonyeza mitengo ya tsanya imene imabala mphalabungu, mphako za njuchi, zitsamba zimene nkhanga zimabisalamo, ndi dambo limene sitinkayenera kulikhudza n'komwe. Tsiku lina mayi wina anapeza fulu mu udzu, anamunyamula pa chitenje mpaka kutsidya kwa mtsinje.

Tinkayatsa dzuwa litapendeka, mphepo itagona. Sitinkatentha paliponse, koma zigawo zigawo, kwina kusiya kuti kudzapse chaka china. Moto wake unali wofika m'mawondo. Unkayenda ukuthetheka, ife tikuutsata m'mbali ndi malamba athu, mbalame zakuda za mchira wa mphanda zikuwakha ziwala mu utsi. Fungo la udzu wopsa limakhala m'tsitsi sabata yathunthu.

Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi mawu a bambo. Kunyumba anali munthu wa mawu ochepa, koma akakhala ndi nkhalamba ija pakamwa sipankatsekeka. Ankakambirana za sitima imene inawabweretsa, za makapitawo a kale, nthawi zina n'kutembenukira ku Chilapalapa, chilankhulo cha kuntchito, pofuna kuseka mabwana awo. Ine ndinkayenda pambuyo pawo ndi chigubu cha madzi, ndikutola mawu amene ndinali ndisanawamvepo. Lupsa ndinalidziwira kumeneko, dzina la tchire lopsa. Tsiku lina ndinayankha nkhalambayo m'Chichewa osaganiza, ndipo inandiyang'ana n'kuti, "Kodi mwanayu amalankhula?" Ndinali ndi imvi kale.

Moto waukulu unabweranso chaka chomwecho, masana a tsiku lotentha, kuchokera ku msewu waukulu. Wina anamenya chitsulo cha pa dibi ndipo tinathamanga monga tinapanganira. Pa fayagadi ya kummawa unaima. Pa ngodya ina, pamene tinalambula mopapatiza chifukwa cha miyala, unalumpha n'kulowa m'busa la mwini ng'ombe. Tinaumenya mpaka manja anatupa. Busa linapsa theka, koma nyumba ndi ziweto zonse zinapulumuka. Bambo anapsa nsidze. Madzulo ake mwini ng'ombe anabwera kwathu ndi chigubu cha mkaka wowawasa, anakhala pakhonde, iye ndi bambo n'kumakambirana za mvula mpaka tiyi anazizira. Anawaitana bambo kuti baba, mwaulemu wa Chindebele.

Mvula itagwa, m'malo amene tinatentha m'chisanu munamera udzu wanthete ndi maluwa ofiira amene sindinkawadziwa. Nkhanga zinaswa kuseri kwa khola. Bambo anabzalanso malalanje, ndipo anadyako zipatso zake zaka zingapo asanatisiye. Nkhalamba ija inatsogola ndiyo. Tinapita ku maliro ake, bambo anaima kumbuyo kwa Asilamu atavula chipewa.

Misonkhano ikuchitikabe chisanu chilichonse, koma anthu akuchepa. Ambiri mwa ana athu ali ku Joni, ndipo minda ina ili ndi eni atsopano amene amakhala m'tauni n'kumatumiza uthenga pa foni. Mlangizi uja anasamutsidwa, kunabwera wina. Chaka chino mzere wa kumpoto tinalambula akazi okhaokha, ndipo mdzukulu wa mwini ng'ombe anatithandiza ndi pulawo. Mawondo anga sakundilolanso kutsata moto, choncho ntchito yanga tsopano ndi yoyang'ana mphepo. Ndimaima pa chulu, n'kuwaza dothi m'mwamba, ndipo likagwera pafupi ndimawauza kuti ayatse.