Pepala Limene Madamu Anasiya Pafiriji

Madamu amene ndinkawagwirira ntchito ku Al Messila, kunja kwa dziko lathu, anali dokotala wa mafupa, koma ine ndinkati mutu wawo nawonso unkafunika dokotala. Chaka chonse ankalumikiza miyendo ya anthu, ndiye tchuthi chikakwana n'kunyamuka ndi anzawo asanu ndi awiri, ulendo wa kumapiri a dziko lozizira, kukafunafuna pothyokera.

Masewera akewo ankawatchula kuti ski. Munthu amamanga matabwa awiri aatali kumapazi, pansi pake n'kumata nsalu yaubweya kuti asaterereke chobwerera m'mbuyo, n'kumakwera phiri la chipale chofewa tsiku lonse, kopanda msewu, kopanda mudzi. Akafika pamwamba amamatula nsalu ija n'kutsetsereka. Basi, zathera pomwepo. Ine ndine wa ku Phalombe, ndinakulira m'tsinde mwa phiri, ndipo kwathu munthu amakwera phiri ngati akufuna nkhuni. Atandionetsa pafoni mmene chipalecho chimagumukira n'kukwirira anthu, ndinawauza kuti ameneyo ndi napolo, kungoti ngwoyera. Iwo anaseka, ine ayi.

Pakhomopo tinkatsala atatu: ine, mayi awo okalamba omwe anali atayamba kuiwalaiwala, ndi dalaivala, bambo wachikulire wa ku Machinga yemwe ndinkamutchula kuti amalume. Choncho pepala analisiyira ine. Analimata pafiriji: dzina la chigwa, chiwerengero cha anthu, ndi nambala ya opulumutsa anthu kumapiriko. Anandiuza m'Chingerezi, pang'onopang'ono, kuti ali ndi kachipangizo kotumizira uthenga ngakhale kopanda netiweki, ndipo tsiku lililonse akafika pogona azindilembera. Ikakwana 3 koloko masana ndisanalandire kanthu, ndiimbe nambalayo. Anabwereza kawiri kuti ndisadikire.

Masiku atatu oyamba uthenga unkafika ndikutsuka mbale za nkhomaliro. Tsiku lachinayi mbale zinauma, foni ili chete.

Ndinakolopa pabalaza pomwe ndinali nditakolopa kale m'mawa. Ndinazimitsa foni n'kuyatsanso. Ndinakwera padenga pomwe pali matanki a madzi, ngati kuti uthenga ukuchokera kumwamba ndiye ndiuchingamire. Ndinatsika, ndinasita nsalu zopukutira mbale, zinthu zomwe palibe munthu wanzeru amasita. Mtima unali m'mwamba, mpando uliwonse unkandiwotcha. 3 koloko inandipeza nditaima patsogolo pa firiji, foni ili m'manja, nambala nditaidina kale yonse, kungotsala kukanikiza.

Sindinakanikize. Ndinapita kugalaja, komwe amalume ankapukuta galimoto atangochokera kumzikiti.

"Amalume, taimu yakwana, mesejiyo sinabwere. Ndiimbe?"

Anafinya kansalu kawo kaye. "Mwana wanga, khalasi, basi, usapupulume. Zipangizo zimenezi zimafa batire. Iwe ukaimba pano, atumiza helikopita, akawapeza anthu akumwa tiyi. Ukuganiza kuti manyaziwo awathira ndani? Mawa lomwe akukanselera viza, yala, tiye ku eyapoti."

"Koma ananena okha kuti ndisadikire."

"Mabwana amanena zambiri. Zikavuta wolakwa umakhala iwe. Ine ndili ndi zaka teni muno, ndaona. Apatse ka hafu awala, inshallah alemba."

Sindikufuna kuwakankhira amalume mlandu. Ananena zomwe ndinapitira kukamva. Ndinkaopa. Zaka zonse zomwe ndinagwira ntchito m'nyumba za anthu zinandiphunzitsa chinthu chimodzi: usasokose, usadzutse wogona, usakhale woyamba kunena kuti kwagwa zovuta. Ndinkaopanso Chingerezi changa, kuti akandifunsa mafunso lilime lindithawa, iwo n'kumadabwa kuti wantchito ameneyu akufuna chiyani. Ndipo ndinali ndi ana awiri kumudzi omwe ankadya chifukwa cha viza imeneyo. Madamu ndinkawakonda, sindinama, koma masana amenewo ndinadzikonda ndekha koposa.

Ndinazungulira nyumba ija kangapo. Mayi okalamba aja anandifunsa chomwe ndataya, ndinati ndolo. Ndinabwerera kukhitchini n'kuona kuti chithunzithunzi cha mpanda chafika pakhomo, dzuwa lapendeka. Apo m'pamene zinandilowa m'mutu: madamu sanasankhe 3 koloko mwachisawawa. Anasiya mpata woti owafunafuna akawapeze kusanade. Mpata umenewo ndi womwe ine ndinkaudya ndi kuzungulirazungulira kwangako.

Ndinaimba itadutsa 3 koloko ndi mphindi makumi anayi. Anayankha mayi wina wa mawu odekha. Ndinawerenga pepala lija monga linalembedwera. Anandifunsa mafunso atatu okha, n'kundithokoza. Panalibe wondikalipira, panalibe wofunsa kuti ndine yani. Zinali zophweka moti ndinakhala pansi pakhitchini pomwepo n'kulira.

Nkhani yonse ndinaimva patapita milungu iwiri, madamu atabwera. Chipale chinagumuka iwo akutsika, n'kukokolola awiri. Anzawo anawafukula amoyo, koma mmodzi anathyoka ntchafu, ndipo kachipangizo kaja kanapita ndi chikwama chake. Madamu anavula magolovesi kuti amange mwendowo, ndipo anakhala akumugwira munthuyo nthawi yaitali mphepo ikuwomba. Helikopita inanyamuka ndithu, koma pofika kuchigwako mdima unali utayamba, inabwerera. Opulumutsawo anachita kukwera wapansi, n'kuwafika mochedwa kwambiri. Onse asanu ndi atatu anatsika amoyo. Koma zala ziwiri za kudzanja lamanja la madamu zinafa ndi kuzizira, ndipo anazidula nsonga. Ntchito yawo yopanga opaleshoni inathera pamenepo, anatsala ongoona odwala ndi kulemba mankhwala.

Tsiku lomwe anafika anandikumbatira pageti, chinthu chomwe anali asanachitepo. Anauza aliyense wobwera kudzawazonda kuti ine ndi amene ndinawapulumutsa. Amalume ankangoyang'ana pansi. Sanayankhulepo za masana aja, inenso sindinawayambe.

Kaya helikopita ikanafika kukadawala ndikanaimba pa nthawi yake, sindikudziwa. Ndawerengera mphindi zimenezo kambirimbiri, yankho limasinthasintha. Madamu sanandifunse kuti ndinaimba nthawi yanji, mwina chifukwa sankaganiza kuti pali chofunsa.

Ndinakhala nawo zaka zina ziwiri. M'mawa uliwonse ndinkawamangira mabatani a malaya, chifukwa timabatani ting'onoting'ono tinkawapulumuka. Ankaima phee, atakweza chibwano, n'kunena kuti zikomo. Tsiku lililonse ndinkati ndikafika pa batani lomaliza ndiwauza, ndipo tsiku lililonse ndinkangowakonzera kolala n'kukawatengera chikwama.