Galimoto Yoyera Pakhomo pa Agogo

Ambulansi yoyamba imene ndidaiona ndi imene idabweretsa thupi la amayi anga kuchokera kuchipatala cha pa Boma. Ndidali ndisanayambe sukulu, ndipo bambo adali atatsogola kale. Ndimakumbukira galimoto yoyera ikutsika pang'onopang'ono mumsewu wamatope, azimayi akuyamba kulira isanaime n'komwe, azibambo akuthyola nthambi n'kuziyala pamsewu kuti odutsa adziwe kuti pagwa zovuta. Kwathu kumapiri a Dedza ambulansi tinkaidziwa ndi ntchito imeneyo basi. Wodwala ankapita kuchipatala panjinga kapena pangolo, ambulansi inkangomubweza atamwalira.

Adandilera ndi agogo, obereka amayi anga. Sadali olankhulalankhula, ndipo ine ndidatengera iwo. Tinkatha kukumba kachewere tsiku lonse popanda mawu ena kupatula akuti “bweretsa thumba”. Koma maso anga sankachoka pa iwo. Ndikadzuka m'mawa ndinkayamba ndayang'ana bulangete lawo ngati likukwera ndi kutsika. Ndinkadziwa mmene amapumira akatopa, ndi mmene amapumira akamabisa matenda.

Nditamaliza maphunziro a unamwino, padapezeka mwayi wophunzira ntchito ya mu ambulansi: kuthamangira ovulala pangozi za pamsewu ndi odwala mwadzidzidzi, kuletsa magazi, kumanga mafupa othyoka, kusunga munthu ndi moyo mpaka afike m'manja mwa dokotala. Aphunzitsi ankatichenjeza kuti tisamangothamangira amene akukuwa kwambiri, chifukwa woopsa ndi amene wangoti zii. Phunziro limenelo silidandivute.

Nditawauza agogo za ntchito yatsopanoyo, adandiyang'ana nthawi yaitali.

“Ndiye uzinyamula maliro?”

“Ayi, Agogo. Amoyo.”

“Mm,” adatero, n'kupitiriza kusankha mbewu.

Nditangoyamba ntchito, tsiku lina adatituma kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu. Tidapeza wodwalayo abale ake atamutenga kale pagalimoto ina. Pobwerera, adalaivala athu, bambo achikulire okonda nthabwala, adati, “Kwanu si apa? Tiyeni agogo akaone yunifolomu, ine ndipezereko kachewere.”

Tisanafike n'komwe pakhomo, kulira kudayamba. Kudayambira pachitsime, kukafika kutchalitchi, ndipo azimayi ankatuluka m'nyumba akumanga zitenje m'chiuno. Bambo wina adali atayamba kale kuthyola nthambi. Agogo adachokera kudimba ndi matope m'manja, n'kukhala pansi pakhonde. Sadalire. Adangofunsa adalaivala, amene adatsika poyamba, kuti, “Wafa bwanji mwanayo?”

Pamenepo ndidatsika ine.

“Amayi, malirowo ndi awa,” adatero adalaivala akundiloza. “Akuyenda okha, ndipo akuti ali ndi njala.”

Anthu adaseka mpaka misozi ina. Mayi woyandikana nafe adandimenya paphewa. “Iwe, watiliritsa ulere. Ubweze misozi yathu.”

Agogo sadaseke. Adandigwira mkono mwamphamvu, ngati akufuna kutsimikiza kuti ndi wofunda, kenako adati, “Galimoto iyi isadzabwerenso pakhomo pano.”

M'nyengo yozizira yotsatira, chifunga chitakuta phiri, ndidapita kukawaona tsiku langa lopuma. Adandilonjera akuotha moto, akuti ndi chimfine chabe. Koma ankapuma mofulumira ndi mosafika pansi, ankadula mawu pakati, ndipo milomo yawo idali itasintha mtundu. Chidali chibayo, ndipo ndidadziwa kuti panjinga sakafika.

Ndidaimbira foni anzanga akuntchito. Kenako ndidapempha mayi woyandikana nafe uja kuti azungulire m'mudzi kuuza anthu kuti ambulansi ikubwera kudzatenga munthu wamoyo, wina asalire.

Itafika, agogo adayang'ana machira amene adalaivala adatsitsa, n'kupukusa mutu.

“Mayi ako adagona pamenepo.”

“Inu simugona, Agogo. Mukagona mpweya uvuta. Mukhala tsonga.”

“M'galimoto ya maliro mulinso pokhala?”

“Muli mpando wanga. Ndimakhalapo tsiku lililonse, ndipo mukundiona ndili moyo.”

Chifuwa chawo chinkakwera ndi kutsika ngati cha nkhuku yothamangitsidwa. Ndinkaopa kuti ndikawonjezera mawu akana ndithu, choncho ndidangogwada pambali pawo, monga tinkachitira kudimba, osalankhula. Anthu adaima patali, ndipo palibe adalira.

“Unditengere kolona yanga,” adatero pomaliza. “Ndi nsapato za kutchalitchi. Sindingapite kwa anthu chonchi.”

Tidawakweza n'kuwakhazika pampando wanga. Ndidawaveka chopumira mpweya, ine n'kukhala pamachira paja, zala zanga zili pamkono wawo. Adalaivala adayendetsa mosamala m'mabampu, ndipo titalowa mumsewu wa tala adafunsa, “Agogo, tiyimbe nyimbo yathu ya ambulansi ija kuti a minibasi atipatse njira?” Agogo adakweza dzanja kuvomera. Titadutsa pamsika, ndidaona milomo yawo ikuyamba kubwerera mtundu wake.

Adagona m'chipatala masiku angapo. Atatuluka adabwerera kumudzi pa minibasi, n'kumalizira ulendo panjinga ya kabaza, atavala nsapato za kutchalitchi zija.

Sadanenepo kuti ntchito yanga ndi yabwino, ndipo sindidayembekezere kuti anena. Koma nyengo yokumba kachewere itakwana, ndidawamva kudimba akulankhula ndi mayi woyandikana nafe, amene amuna ake ankakana kupita kuchipatala ngakhale miyendo idali itatupa.

“Muwauze aitanitse galimoto ya mwanayu,” ankatero agogo, khasu lili m'manja. “Asaope. Mkatimo muli mpando.”