Lole Yopatukira ku Manja

Ntchito yanga yoyamba nditamaliza sukulu inali pa kampani ina ya malole ku Limbe. Anandikhazika pa kompyuta yakale pafupi ndi zenera kuti ndizisanthula maulendo: lole yanyamuka nthawi yanji, yaima pati, yafika liti. Galimoto iliyonse inali ndi kachipangizo kosonyeza komwe ili, choncho madalaivala ndinkangowadziwa ngati timadontho toyenda pa mapu.

Patatha milungu ingapo ndinaona kuti lole imodzi, ikamachokera m'tauni masana, inkapatukira kudera la Manja n'kuima theka la ola, tsiku ndi tsiku. Ndinasangalala. Ndinkati ndagwira wakuba mafuta, abwana aona kuti sanalakwitse kundilemba ntchito.

Koma ndisanalembe lipoti ndinatsikira ku galaja. Dalaivala wa lole ija anali bambo achikulire a ku Nsanje, aimvi. Ndinawapeza akupukuta magalasi a loleyo.

"Pepani bambo," ndinatero, "ku Manja mumakaimira chiyani?"

Anasiya kupukuta n'kundiyang'ana, kansanza kali kumanja.

"Mwanawe, mayi akunyumba anafa ziwalo mbali imodzi. Ana onse amakhala ali kuntchito. Ndimakawatembenuza pabedi kuti asatuluke zilonda, n'kuwamwetsa phala, basi ndizipita."

Kenako anawonjezera chapansipansi: "Lembani zomwe mwaonazo. Musadziphere ntchito chifukwa cha ine."

Ndinabwerera pa kompyuta n'kuyang'ananso maulendo awo onse. Katundu wawo sanachedwepo. Nthawi yomwe anzawo ankaima kudya nkhomaliro, iwo sankaima.

Abwana athu anali mayi achimwenye, osakonda zolankhulalankhula. Ndinawaonetsa kupatukako komanso kusachedwako, ndipo ndinafotokoza chifukwa chake. Anawerenga mwakachetechete, kenako anandifunsa: "Mayiwo ali nayo njinga ya olumala?"

Ndinati sindikudziwa.

"Kafunseni. Ya malemu bambo anga ikungokhala m'nyumba. Ndipo Manja mumuike pa ndandanda wa ulendo wawo."

Loweruka lake ndinakwera loleyo ndi bambo aja kukatula njingayo ku Manja. Mayiwo sankatha kulankhula bwino, koma anandigwira ndi dzanja lawo lamphamvulo osandisiya, mpaka tiyi yemwe anandipatsa anazizira. Bambo aja anagwirabe ntchito zaka ziwiri, kenako anapuma n'kubwerera nawo mayiwo kumudzi.