Mayi Larner Agulitsa Nyumba

Ku Cromer, tauni ya m'mphepete mwa nyanja, kunalibe munthu wodziwa kukonza nkhanu kuposa mayi Winifred Larner. Amuna awo, a Alec, ankalawirira ndi bwato kukavuula misampha m'nyanja, mayiwo n'kumaphika nkhanuzo m'kashedi ka kuseri, kuziswa, kukolopola mnofu n'kuubwezera m'chigoba mwaudongo. Ogula ankafola mpaka kumsewu. A Alec atamwalira bwato linagulitsidwa, koma mayiwo anapitiriza ntchito, akugula nkhanu kwa asodzi ena, mpaka zaka zinakwana makumi anayi.

Chimene chinawagonjetsa ndi masitepe. Nyumba yawo inali yopapatiza, yosanjikiza katatu, bafa lili pamwamba penipeni. Tsiku lina m'mawa anapezeka atakhala pansi pakati pa masitepewo, atalephera kupitirira.

"Winnie, basi. Nyumbayi yakukulira," anadziuza okha.

Sanagwetse msozi. Anatsika, kumwa tiyi, kenaka n'kuimbira foni ofesi yogulitsa nyumba. Kunabwera a Desmond Catchpole, bambo wa tayi ndi nsapato zonyezimira, nakhoma chikwangwani pampanda.

"Mayi Larner, anthu akamabwera kudzaona nyumba, inu muzikawongola miyendo pang'ono. Zolankhula mundisiyire ine."

"Iwe Desmond, ndinakusinthapo thewera amayi ako ali m'chipatala. Lero ukundipirikitsa m'nyumba mwanga?"

Oyamba kufika anali mwamuna ndi mkazi wake ochokera ku London. Ankafuna nyumba yodzapumiramo mwezi wa Ogasiti wokha. A Desmond anawaonetsa zenera loyang'ana kunyanja, alendowo n'kumangoti eee, kukongola! Mayi Larner anali pambuyo pawo ndi ndodo yawo.

"Khoma ili limatuluka thukuta nyengo yozizira," anatero. "Mphepo ya kumpoto ikawomba, chitseko ichi chimalira mluzu. Mbalame za kunyanja zimaswera padengapa, ndipo sizidziwa kuti Lamulungu anthu amagona. Fungo mukulimvali ndi la nkhanu. Musavutike ndi sopo, silichoka."

Alendowo anatsanzika mwaulemu, osabweranso.

"Mwandiphera malonda, amayi!" anadandaula a Desmond.

"Ndanama pati? Komanso tamvera. Msewu uno uli ndi nyumba khumi ndi ziwiri, koma Januwale akafika mumakhala anthu mu zinayi zokha. Sukulu ikusowa ana. Ukufuna ndiwonjezere ina yotseka makatani?"

Anabwera achiwiri, achitatu, achinayi, ndipo onse anamva nkhani yomweyo ya khoma ndi mbalame. Chikwangwani chinayamba kusuluka ndi mchere wa m'mphepo. Anzawo a kutchalitchi ankawanong'oneza kuti afeweko pakamwa, koma iwo ankangoti mwini wake sanafike, akafika adzamudziwa.

Loweruka lina kukuwaza mvula kunabwera Tamsin Bullimore, mayi woyendetsa ambulansi, ndi mwamuna wake komanso ana awo aakazi amapasa. Kwa zaka zitatu banjali linkakhala m'kalavani, kanyumba kokoka ndi galimoto, kunja kwa tauni chifukwa nyumba zonse zinkagulidwa ndi anthu obwera. Mayi Larner anayamba nyimbo yawo ija, koma asanafike pa mbalame Tamsin anaphulika kuseka.

"Amayi, ine ndinabadwira msewu wakuseriwu. Khoma lathu silinkatuluka thukuta, linkachita kulira."

"Ndiwe mwana wa ndani?"

"Wa a Reggie Bullimore, osoka maukonde aja."

"Reggie wa makutu aakulu? Ndiye mphuno iyi ndaizindikira!"

Apo n'kuti amapasa atakwera kale mpaka pamwamba, akulimbirana chipinda. A Desmond anakokera mayi Larner pambali n'kuwauza chapansipansi kuti awa thumba lawo n'lopepuka, ndipo kuli munthu wina wa ku Cambridge amene walonjeza zochuluka.

"Zochulukazo ndikagone nazo kumanda? Zikakwana kugula kanyumba kapansi, zakwana. Lemba mapepala."

Pofika Meyi zonse zinali zitatheka. Tsiku losamuka asodzi anayi anabwera ndi galimoto yonyamulira nsomba, nanyamula katundu yense osalola kulipidwa, kupatula tiyi ndi masikono. Mayi Larner anapereka makiyi m'manja mwa Tamsin, namuonetsa pomenya chitseko ndi phewa chikakakamira, nanyamuka.

Kanyumba katsopanoko kanali kuseri kwa tchalitchi, zipinda ziwiri, khoma limodzi ndi a Percy Dack, mkulu wogontha khutu amene kale ankayendetsa basi. Wailesi yawo inkasokosa kuyambira m'mawa, nkhani za mpira zokhazokha. Tsiku lachiwiri mayi Larner anakagogoda ndi ndodo.

"A Dack, ine ndine neba wanu watsopano. Poti wailesiyi tikumvera limodzi, masana tiziika ya nyimbo."

"Mwati chiyani?"

"Ndati ya nyimbo!"

Mkuluyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenaka anaseka n'kutsegula chitseko chonse.

"Lowani mudzasankhe nokha, mayi. Ketulo yawira kale."